Ndinagula TV ya mini-LED ya mainchi 65, ndinasiya OLED imene ndinkaikonda

TV imene ndinagula ndi ya mainchi 65, ya 4K, ya mtundu wa mini-LED, ndipo ndikukhutira nayo. Koma si imene inandikopa mtima m'sitolo. Imene inandikopa inali OLED, ndipo ndikanakhala munthu woonera mafilimu ndekha usiku nyale zitazimitsidwa, ndikanatenga imeneyo osayang'ananso kwina. Pabalaza pathu pali zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo, mpira timaonera masana dzuwa likulowa m'nyumba, ndipo ana akatsegula tchanelo cha makatuni chimakhala chomwecho mpaka wina awadzutse pampando. Chipinda chimenechi ndi chimene chinandisankhira TV, osati dzina lolembedwa pabokosi.

Ndisanagule iyi ndinali ndi TV ya mtundu wakale wotchedwa plasma, ya mainchi 42, imene inatitumikira mpaka inafa. Amene anaonerapo plasma akudziwa zimene ndikunena. Usiku wa m'filimu unkaoneka usikudi, nkhope za anthu zinkaoneka za khungu lenileni, ndipo ngakhale ukhale chakumbali chithunzi sichinkasintha. Inde inkatentha, inali yolemera, inkadya magetsi, ndipo masana inkafooka. Pofika kumapeto kwa 2014 Panasonic, Samsung ndi LG onse anali atasiya kupanga plasma, choncho yatsopano simungaipezenso. Koma inandizoloweretsa maso. Anthu ambiri akalowa m'sitolo amathamangira TV imene ikuwala koposa zinzake. Ine ndimayang'ana malo amene payenera kukhala mdima, ndione ngati pali bii kapena pali mbuu.

Chimene chimasokoneza ogula ndi mayina. Pashelefu mupeza LED, QLED, Neo QLED, NanoCell, QNED, ULED, mini-LED, ndipo mungaganize kuti ndi zinthu zosiyana zambirimbiri. Zonsezi ndi LCD. Mitundu yeniyeni imene munthu wamba angasankhepo lero ndi iwiri basi, LCD ndi OLED.

Mu LCD mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi tija, satulutsa kuwala kwawokwawo. Kumbuyo kwa sikirini kuli nyale zoyaka, ndipo pikiselo iliyonse ili ngati kazenera kamene kamatseguka ndi kutsekeka, kulola kuwala kudutsa kapena kukutchinga. Vuto ndi lakuti sikatsekeka kwathunthu. Kuwala pang'ono kumadutsabe, n'chifukwa chake thambo la usiku pa LCD yotchipa limaoneka lotuwa. Ma LCD akale ankayatsidwa ndi timachubu ta fluorescent. Makampani ataikamo nyale za LED m'malo mwa timachubuto anayamba kuzitcha LED TV, koma sikirini yake inali yomweyo. Zina zonse zimene zabwera pambuyo pake ndi njira zochepetsera kudutsa kwa kuwalako, kapena zokometsera mitundu.

QLED ili m'gulu lokometsera mitundu. Samsung inayamba kugwiritsa ntchito dzinali pa ma TV ake mu 2017, ndipo Q ikuimira ma quantum dot, timibulu tating'ono kwambiri ta mananomita ochepa chabe. Tikawombedwa ndi kuwala kwa buluu timatulutsa kuwala kofiira kapena kobiriwira, malinga ndi kukula kwa kambuluko. Si zabodza za otsatsa malonda ayi. Moungi Bawendi, Louis Brus ndi Alexei Ekimov analandira mphoto ya Nobel ya chemistry mu 2023 chifukwa cha timibulu timeneti, ndipo pa TV yanga, imene ilinso nato, jezi yofiira imaoneka yofiiradi, osati yopita ku olenji. Koma ma quantum dot sathandiza chilichonse pa kuda kwa chithunzi. QLED yokhala ndi nyale zosakonzedwa bwino imatuwa usiku chimodzimodzi ndi LCD ina iliyonse.

Choncho funso loyenera kufunsa wogulitsa ndi lakuti nyalezo zili pati ndipo zimazima motani. Ma TV ena ali ndi nyale m'mphepete mokha, kuwala n'kumamwazidwa kuchokera kumeneko. Amakhala opyapyala, okongola pakhoma, koma sangathe kuzimitsa pakati pa sikirini n'kusiya kwina kukuwala. Ena ali ndi nyale kumbuyo konse, zogawidwa m'magawo amene amatha kuzima kapena kuchepa mphamvu paokhapaokha, zimene amati local dimming. Mini-LED ndi njira yomweyi, koma nyale zake ndi zing'onozing'ono kwambiri, kotero zimakwana zambiri ndipo magawo amachuluka. Mwezi ukakhala pakona ya sikirini, gawo la pamenepo limayaka mwamphamvu, magawo ena onse n'kuzima.

OLED ilibe nyale kumbuyo. Pikiselo iliyonse imayaka yokha ndipo imazima yokha. Sikirini ya 4K ili ndi mapikiselo 3,840 m'litali ndi 2,160 m'lifupi, onse pamodzi 8,294,400, ndipo pa OLED iliyonse mwa imeneyi ingazime mnzake wapafupi akuwala ngwee. Tsono yerekezerani ndi mini-LED. Ngakhale itakhala ndi magawo 500, gawo limodzi likuyatsira mapikiselo oposa 16,000 nthawi imodzi. Kusiyana konse kwa mitundu iwiriyi kwagona pamenepa. Sony ndi imene inayamba kugulitsa TV ya OLED mu 2007, kakang'ono ka mainchi 11, ndipo LG inabweretsa ya mainchi 55 mu 2013. Masikirini ambiri a OLED, ngakhale a m'ma TV a mayina ena, amapangidwa ndi LG Display. Kuyambira mu 2022 pamsika palinso mtundu wina wopangidwa ndi Samsung Display wotchedwa QD-OLED, umene umaphatikiza OLED ndi ma quantum dot aja.

M'sitolo ndinapita ndi kafulashi kanga, muli tizidutswa ta kanema timene ndimatidziwa bwino: thambo la nyenyezi, munthu akulankhula m'chipinda cha mdima pali mawu oyera olembedwa pansi, mpira kamera ikuthamanga kutsatira osewera, ndi nkhope yojambulidwa pafupi. Makanema amene amaonetsa m'sitolo anasankhidwa kuti TV iliyonse ioneke bwino, maluwa ndi mathithi oyenda pang'onopang'ono, ndipo ma TV amakhala ataikidwa pa store mode, kuwala kuli pamapeto, mitundu itakokomezedwa. Mnyamata wogulitsa anati, "Bambo, tangoonani nokha mmene ikuwalira iyi, palibenso chofunsa apa." Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, kuwalako ndakuona. Tandiikireni pa movie mode, mulowetse kafulashika, ndione mdima wake." Sanakane, ndipo anandilola kuyesa ma TV amene ndinkawafuna popanda kundithamangitsa. Pa chimenechi ndimamuyamikira.

Pa thambo la nyenyezi OLED inapambana mosakayikitsa. Nyenyezi iliyonse inali kadontho kakuthwa pamdima weniweni. Pa mini-LED nyenyezi zina zing'onozing'ono zinazilala, chifukwa TV imayenera kusankha pakati pa kuyatsa gawo lonse kuti nyenyezi iwale, kapena kulichepetsa kuti mdima ukhalebe mdima. Pa LCD ya nyale za m'mphepete thambo lonse linali mbuu.

Pa mpira zinatembenuka. Bwalo la mpira ndi chithunzi chowala paliponse, udzu wobiriwira kuchokera kukona kufika kukona. OLED imawala kwambiri pa kachigawo kakang'ono, koma sikirini yonse ikafunika kuwala nthawi imodzi imadzichepetsa yokha mphamvu kuti isatenthe ndiponso kuti mapikiselo asathe msanga. Mini-LED ilibe mantha amenewo, imangowala. M'chipinda cha mdima simungadandaule nazo. Koma pamene dzuwa la madzulo likuwomba khoma loyang'anizana ndi TV, mdima wangwiro wa OLED uja suonekanso, chifukwa kuwala kwa m'chipinda kumagwera pagalasi n'kuukwirira, ndipo chimene chimatsala n'chakuti ndi iti ikutha kupikisana ndi dzuwa. Mumalipira zambiri chifukwa cha mdima umene masana simuuona.

Chifukwa chachiwiri chimene ndinasiyira OLED chinali nkhani ya kupsa kwa sikirini. Mapikiselo a OLED amakalamba malinga ndi mmene agwirira ntchito. Chizindikiro cha tchanelo chikakhala pakona yomweyo maola ambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali, mapikiselo a pamenepo amatha msanga kuposa anzawo, ndipo chithunzithunzi cha chizindikirocho chingatsalire mpaka kalekale. Ndinene chilungamo, ma OLED atsopano amadziteteza bwino. Amasuntha chithunzi pang'onopang'ono mosaoneka, amachepetsa kuwala kwa zizindikiro zosasuntha, ndipo amadzikonza okha akazimitsidwa. Munthu woonera zinthu zosiyanasiyana sayenera kuopa. Koma nyumba yathu ndi ya tchanelo chimodzi cha makatuni m'mawa, cha nkhani madzulo, ndi kabokosi ka zigoli kosachoka pakona Loweruka lonse. Sindinafune TV imene ndizikhalira kuilondera ana.

Tsopano za TV yeniyeniyo, mmene ikuchitira kunyumba.

Masana ndi yabwino kwambiri. Sindikutsekanso makatani kuti tione mpira, ndipo sindinafike nayo ngakhale pamapeto pa kuwala kwake. Usiku, ikakhala pa movie mode ndipo local dimming ili pamwamba, mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi pa filimu imada mokwanira moti nthawi zambiri imasowa mumdima wa chipinda. Plasma yanga yakale siinkafika pamenepa.

Chofooka chake chachikulu chimaoneka pa mawu olembedwa pansi pa filimu. Chithunzi chikakhala chakuda, mawu oyera akangotuluka, kuzungulira mawuwo pamabwera kachifunga kowala, ndipo mawu akachoka kachifungako kamachokanso. Ndi magawo aja akuyaka ndi kuzima. Pa makanema a HDR, amene amakonzedwa kuti powala paziwala kwambiri pamdima pakuonekabe bwino, zimaonekera kwambiri chifukwa mawuwo amawala mopitirira muyeso. Ndinachepetsa vutoli posintha mtundu wa mawu kukhala wotuwa m'mapulogalamu amene amalola kutero, ndiponso posiya kanyale kofooka kakuyaka kumbuyo kwa TV. Lachepa, koma silinathe. Ngati mumaonera mafilimu a zinenero zina usiku uliwonse, chimenechi chokha chingakhale chifukwa chokwanira chogulira OLED, ndipo sindingakutsutseni.

Chofooka chachiwiri chikuchokera ku mtundu wa sikirini ya LCD, chinthu chimene kawirikawiri sichilembedwa pabokosi. Pali VA ndi IPS. VA imatchinga kuwala bwino. Poyera pake pamawala kuwirikiza ka 3,000 kapena kupitirira poyerekeza ndi pakuda pake, pamene IPS imakhala cha m'ma 1,000. Koma IPS imasunga mitundu ngakhale muonere chakumbali, pamene VA imazilala. Yanga ndi VA. Amene akhala pa sofa yoyang'anizana nayo amaona chithunzi chokoma. Amene wakhala pampando wa pakona, pafupi ndi khomo, amaona nkhope zotumbuluka ndipo kachifunga kaja kamamuonekera kwambiri. Ndinkadziwa zimenezi pogula, ndinayenda uku ndi uku kutsogolo kwa TV m'sitolo kuti ndione pamene mitundu ikuyambira kuthawa, ndipo ndinavomera chifukwa mpando umenewo sukhalidwa kawirikawiri. Ngati kwanu anthu amakhala mozungulira chipinda chonse, ganizirani IPS kapena OLED, imene pa nkhani imeneyi ilibe vuto.

Za kukula kwake, ndinayeza kaye. Mainchi amayezedwa kuchokera kukona kufika kukona ina mopingasa, choncho sikirini ya mainchi 65 ndi ya masentimita pafupifupi 144 m'litali ndi 81 msinkhu, pamene ya mainchi 55 ndi pafupifupi 122 ndi 68. Mainchi 10 amamveka ochepa, koma malo a chithunzi amakula ndi pafupifupi 40 peresenti. Bungwe la akatswiri a mafilimu ndi TV lotchedwa SMPTE limalangiza kuti sikirini izitenga madigiri pafupifupi 30 a zimene maso akuona, zimene pa mainchi 65 zikutanthauza kukhala mamita pafupifupi 2.7 kuchokera pa TV. Sofa yathu ili chapamenepo, ndipo sindinamvepo kuti yakula mopitirira. Pakati pa OLED yaing'ono ndi mini-LED yaikulu, pa mtunda umenewu ndinaona kuti kukula kumandipatsa zambiri.

Pa mtunda womwewo pali chinthu chimene ogulitsa sachikonda kuchinena. Diso la munthu woona bwino limasiyanitsa tinthu mpaka pa gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri. Pa sikirini ya mainchi 65 ya Full HD, ya mapikiselo 1,920 ndi 1,080, pikiselo imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.75, ndipo ukafika mamita 2.6 diso limayamba kulephera kuiona payokha. Ndiye kuti pamene ine ndimakhala, kusiyana kwa Full HD ndi 4K n'kochepa kwambiri. 8K, ya mapikiselo oposa 33 miliyoni, sindinaiganizireko n'komwe. Chimene chimapangitsa kanema wa 4K kuoneka wokoma pa TV yabwino si kuchuluka kwa mapikiselo kwenikweni, koma HDR imene amabwera nayo.

Ndipo HDR ndi pamene mini-LED imaonetsa mphamvu zake. Kuwala kwa sikirini kumayezedwa mu ma nit. Makanema wamba anakonzedwa poganizira ma nit 100, pamene ambiri a HDR amakonzedwa pa masikirini ofika ma nit 1,000, ena mpaka 4,000. Dzuwa likanyezimira pamadzi m'filimu ya HDR, pa TV yangayi ndimachita kutsinzina pang'ono, pamene mthunzi wa pansi pa mtengo ukuonekabe bwinobwino. Chenjerani ndi ma TV otchipa olembedwa HDR pabokosi. Ambiri amangotha kuwerenga kanemayo, koma alibe kuwala kapena magawo ozimitsa oti aionetsere, ndiye chithunzi chimatuluka chakuda kuposa cha kanema wamba. Mitundu ya HDR ilipo ingapo. HDR10 imapezeka pa onse, HLG inapangidwa ndi BBC ndi NHK kuti izigwira ntchito poulutsa, ndipo Dolby Vision ndi HDR10+ zimasintha malangizo a kuwala chigawo ndi chigawo cha filimu. Ma TV a Samsung alibe Dolby Vision, amagwiritsa ntchito HDR10+. Sindingasankhe TV chifukwa cha chimenechi chokha, koma ndi bwino kudziwa musanalipire.

Itangofika kunyumba ndinazimitsa zinthu zingapo zimene imabwera zitayatsidwa. Chachikulu ndi chosalaza kayendedwe ka chithunzi. Mafilimu amajambulidwa zithunzi 24 pa sekondi, ndipo TV imapeka zithunzi zina n'kuziika pakati kuti zinthu ziziyenda mosalala. Zotsatira zake filimu yokonzedwa mwaluso imaoneka yotchipa, ndipo pa mpira nthawi zina mpirawo umaoneka uwiri kapena kuthothoka m'mbali ukamenyedwa mwamphamvu. Filmmaker Mode, imene bungwe la UHD Alliance linalengeza mu 2019, imazimitsa zonsezi ndi batani limodzi, ndipo yanga ili nayo. Poyamba chithunzi chimaoneka chachikasu pang'ono kwa amene anazolowera kuyera kwa buluu kwa m'sitolo, koma maso amazolowera msanga ndipo khungu la anthu limabwerera mwakale. Pa mpira ndimasiya kusalaza kuli pang'ono chabe. Musakhulupirirenso manambala akuluakulu a kayendedwe olembedwa pabokosi ndi mayina a makampani. Funsani ngati sikirini yeniyeniyo ndi ya 60 Hz kapena 120 Hz, kutanthauza kuti imasintha chithunzi ka 60 kapena ka 120 pa sekondi.

Chimene sindinakondwere nacho ndi madoko a HDMI. Alipo 4, koma awiri okha ndi amene amanyamula 4K pa 120 Hz, imene PlayStation 5 ndi Xbox Series X zimatha kutulutsa, ndipo limodzi mwa awiriwo ndi lomwenso lili ndi eARC yolumikizira soundbar, sipika yaitali yapadera ya TV. Soundbar inafunikadi, chifukwa masipika ake ndi ang'ono, amaloza pansi, ndipo mawu a anthu amamira nyimbo zikayamba. TV yopyapyala ilibe malo a masipika abwino, imeneyi si nkhani ya mtundu umodzi wokha. Ndiye ndikalumikiza soundbar ndimatsala ndi doko limodzi lothamanga. Kwa ife likukwana, koma nyumba ya zipangizo ziwiri zamasewera iyenera kuwerenga madokowo isanagule.

Matchanelo wamba a chithunzi chosakhala HD amaoneka ofewa ndi othimbirira pa mainchi 65. TV imayesetsa kuwakulitsa ndi kuwayeretsa, ndipo yangayi ikuchita bwino pang'ono, koma singapeke zimene m'kanemamo mulibe. Ngati zambiri zimene mumaonera ndi zoterozo, pemphani kuti akuonetseni tchanelo wamba m'sitolo, chifukwa pamenepa ma TV amasiyana kwambiri kuposa pa makanema a 4K. Tsamba loyamba la pulogalamu yake lili ndi zotsatsa malonda zimene sindinazipemphe, ndipo ndinalowa mu zokonda kukazimitsa mbali imene imatsatira zimene tikuonera. Miyendo yake ili kumapeto uku ndi uku, moti tebulo lathu lakale silinakwane ndipo tinaipachika pakhoma. Yang'anani muyeso wa VESA kumbuyo kwake, mtunda wa pakati pa mabowo a masikuluu, musanagule chopachikira, ndipo ponyamula ikhale choimirira, osaigoneka.

Pali chinthu chimodzi chimene simungachione m'sitolo chifukwa chimasiyana TV ndi TV, ngakhale za mtundu umodzi zochokera m'fakitale imodzi. Ikangofika, nthawi yobweza isanathe, ikani chithunzi chotuwa chodzaza sikirini yonse m'chipinda cha mdima, kenako chofiira, chobiriwira, cha buluu ndi choyera. Mitundu inayo imaonetsa mapikiselo akufa. Chotuwacho chimaonetsa mabala ndi mizere imene pambuyo pake imadzaoneka ngati litsiro pa udzu kamera ikamatsatira mpira. Yanga ili ndi makona akudako pang'ono koma pakati ndi poyera, ndipo pa mpira sindiona chilichonse, choncho ndinaisunga. Ikanakhala ndi bala pakati ndikanaibweza sabata yomweyo, ndipo bokosi lake ndinalisunga mpaka nditatsimikiza.